Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Tsiku Limene Mabuleki Anauma Ngati Mwala

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditangopeza ntchito pa galaja ina ku Johannesburg, kumene miyezi yoyambirira ndinkangotsuka zitsulo ndi kupatsira anzanga masipanala. Lero ndifotokoza za tsiku limene ndinazindikira kuti nzeru za mabuleki zimene ndinachoka nazo kuno ku Zomba zinali zoona koma zoperewera, komanso mmene zimene ndinaona tsiku limenelo zinadzandipezeranso nditabwerera kwathu.

Umakaniko ndinauphunzira kwa amalume anga ku Chinamwali, pansi pa mtengo wa mango umene nthambi yake yaikulu tinkakolekapo tcheni chokwezera injini. Aliyense amene anakulira m'tsinde mwa phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, amadziwa kuti msewu wotsika kuchokera ku Ku Chawe ndi mdani wa mabuleki. Malole onyamula matabwa a paini ndi magalimoto a alendo amene sadziwa kutsika ndi giya yaing'ono ankafika kwa ife matayala akufuka utsi, dalaivala thukuta lili kamukamu. Amalume sankathamangira kugwira jeki. Ankayamba amukhazika pansi munthuyo n'kumufunsa kuti phazi lake linamva chiyani pamene galimoto inkakana kuima, ndipo ine ankandiuza kuti, "Mphwanga, phazi la dalaivala silinama. Chopondera chikalowa pansi ngati waponda phala, ndiye kuti mafuta a mabuleki awira. Chikakhala cholimba koma galimoto n'kumangopita, kwinaku kukumveka fungo la chinthu chopserera, ndiye kuti mapadi atentha mopitirira muyeso."

Mfundo ziwirizo ndi zoona mpaka lero. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akayamwa amawira msanga: a mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike pa madigiri 230, koma akalowa madzi malire amenewo amatsikira pa madigiri 155. Akawira mumapangika nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake chopondera chimamira. Ndinapita ku Joni ndikukhulupirira kuti mabuleki amalephera m'njira ziwiri zokhazo.

Galaja imene ndinkagwirako inkakonza magalimoto aliwiro, aja a zitseko ziwiri, otsika kwambiri moti sangadutse ngakhale msewu wa ku Chikanda nthawi ya dzinja. Eni ake sanali akatswiri a mpikisano. Anali madokotala, maloya ndi amalonda amene Loweruka ankalipira ndalama kuti akathamangitse magalimoto awo pa mabwalo omangidwira zimenezo, kumene kulibe wapanjinga, mbuzi kapena minibasi yoima mwadzidzidzi. M'chigawo cha Gauteng muli mabwalo angapo otere, monga Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Kyalami ku Midrand, limene linachititsa mpikisano wa Formula One komaliza mu 1993. Kwa mnyamata wochokera ku Chinamwali, kuona disiki ya mabuleki itatentha mpaka kusintha mtundu, galimoto itangozungulira bwalo kasanu kokha, chinali chinthu chozizwitsa.

M'chaka changa chachiwiri abwana anayamba kundikhulupirira, ndipo anandipatsa galimoto ina kuti ndiikonzekeretse ndekha. Mwini wake anagula matayala omata kwambiri pa phula kuposa amene galimotoyo inabwera nawo, anagulanso mapadi a mpikisano a kutsogolo kokha, a kumbuyo n'kusiya akale omwewo. Ndinamanga zonsezo, ndinathira mafuta atsopano, ndinachotsa mpweya m'mapaipi kawiri konse, ndipo chopondera chinali bwinobwino.

Loweruka lake ndinaima kuseri kwa khoma, moyang'anizana ndi kona imene ili kumapeto kwa chigawo chowongoka cha bwalo. Galimoto zinkafika pamenepo zikuthamanga makilomita oposa 160 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo galimoto imadya mamita 44 pa sekondi imodzi. Pamalo enieni oyambira kuponda mabuleki panali kachitunda kakang'ono kamene diso silikanakaona, koma ndinkaona magalimoto akudzuka pang'ono akamadutsapo. Ulendo woyamba mpaka wachinayi galimoto yathu inadutsa bwino. Ulendo wachisanu nyali za mabuleki zinayaka pa nthawi yake, koma mphuno ya galimoto sinagwade monga imachitira mabuleki akagwira. Panalibe utsi, panalibe kulira kwa matayala. Inangopitirira ngati yakokedwa ndi chingwe, inasiya phula, inalowa m'miyala imene amathira dala kunja kwa kona, ndipo inakaima patatsala mikono yowerengeka kuti igunde mpanda wa matayala.

Mwini wake atatuluka, manja ake ankanjenjemera moti analephera kumasula chipewa. Ananena mobwerezabwereza kuti chopondera chinauma ngati mwala, kuti anachiponda ndi mphamvu zake zonse koma sichinasunthe. Maso onse anatembenukira kwa ine, popeza ndine amene ndinagwira mabuleki amenewo. Amene munakhalapo m'dziko la eni mukudziwa mmene mtima umachitira pa nthawi ngati imeneyo: ndinaganiza za ntchito, za lendi, za mayi anga amene ankadikira ndalama ya feteleza ku Thondwe, ndipo koposa zonse ndinaganiza kuti mwina ndikanapha munthu. Tinaikweza pa jeki pomwepo. Mafuta anali oyera, panalibe podontha, mapadi anali asanapse, ndipo titalumikiza kompyuta sinaonetse vuto lililonse. Abwana anaiyendetsa pang'onopang'ono, mabuleki n'kugwira ngati palibe chinachitika. Funso la amalume ndinali nditalifunsa, yankho ndinali nalo, koma silinkalowa m'gulu lililonse mwa magulu awiri aja.

Amene anandimasulira anali mkulu wina wa ku Ntcheu, mtchona wa zaka zambiri, amene ankakonza zamagetsi pa galaja yoyandikana nafe. Usiku umenewo ndinapita kuchipinda kwake ndili wosweka mtima, ndipo atandimvetsera mpaka kumapeto anatola chitsekerero cha botolo la Fanta, n'kuchiika pa tebulo. "Achimwene, taonani mano awa," anatero, akuchizunguza ndi chala. Anandifotokozera kuti pa tayala lililonse pali mkombero wa mano ngati amenewo, ndipo pafupi nawo pali sensa imene imawerenga mano akamadutsa, n'kumauza kompyuta ya ABS, chipangizo choletsa matayala kumanga poponda mabuleki, liwiro la tayalalo. Kompyutayo ikaona kuti tayala lina likufuna kuima pamene galimoto ikuyendabe, imatseka valavu kuti mphamvu ya phazi isapitirire kufika ku tayalalo, imachepetsako mafuta, kenaka imabwezeretsa, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Cholinga chake n'chakuti tayala lisakhuluzike, chifukwa tayala lokhuluzika silimvera chiwongolero. Njira imeneyi inayamba kufala mu 1978, pamene makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anaiika m'galimoto za S-Class, ndipo yapulumutsa anthu ambiri pa misewu yonyowa.

"Koma kumbukirani," anapitiriza, "kompyuta ija ilibe maso. Msewu siuona. Imangomva mano." Apa ndi pamene panagona nkhani. Galimoto ikadutsa pa kachitunda pa liwiro lalikulu, tayala limapepuka kwa kanthawi kochepa kwambiri, mwina kusiyana n'phula kumene. Ngati dalaivala wamenya chopondera mwamphamvu pa nthawi yomweyo, ndipo mapadi ake ndi oluma msanga ngati amene ndinamanga aja, tayala lopepukalo limaima nthawi yomweyo. Kompyuta, poona tayala laima mofulumira chotero mabuleki asanafinyidwe n'komwe, imaganiza kuti galimoto ili poterera kwambiri, ngati pa madzi oundana a m'maiko ozizira kumene magalimoto amenewa amayesedwa. Ndiye imatseka mavalavu, n'kumalola mphamvu yochepa yokha yoyenera malo oterera. Phazi la dalaivala limakhala likukankha chitseko chotseka, n'chifukwa chake chopondera chimauma. Oyendetsa pa mabwalo amenewa vutoli amalitcha ice mode, ndipo kompyuta silemba kuti pali cholakwika chifukwa, malinga ndi mmene inaphunzitsidwira, imakhala yachita ntchito yake.

Ndinagona usiku umenewo mtima utatsikako, ngakhale kuti sindinadzione wosalakwa kotheratu. Mapadi oluma kutsogolo ndi ofooka kumbuyo ndinawamanga ndine, osafunsa kanthu, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sabata yotsatira tinaika mapadi ogwirizana kutsogolo ndi kumbuyo, tinafewetsako mashoko kuti tayala lizitsatira phula m'malo modumpha, ndipo tinayeza matayala n'kupeza kuti kusiyana kwa kukula kwa akutsogolo ndi akumbuyo sikunalinso kofanana ndi kumene fakitale inaika, chinthu chimene chimasokonezanso kawerengedwe ka kompyuta. Mwini galimoto tinamulangiza kuti aziyamba kuponda mofinya, osati momenya, kuti kulemera kwa galimoto kuyambe kwatsamira kutsogolo, ndiponso kuti chopondera chikadzaumanso achotse phazi kamphindi n'kupondanso. Langizo lomalizali ndi losavuta kulinena muli pa mpando, koma munthu amene akuona mpanda ukubwera thupi lake lonse limamuuza kuti akankhe kwambiri.

Pa galajapo panali ena amene ankati mankhwala ake n'kungozula fyuzi ya ABS. Ine maganizo amenewo ndinawakana kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ndimawakanabe. M'magalimoto ambiri amakono, kompyuta yomweyo ndi imene imagawa mphamvu ya mabuleki pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, choncho ukaizimitsa, akumbuyo akhoza kuyamba kumanga, galimoto n'kutembenuka mchira kutsogolo. N'zoona kuti mu Formula One ABS inaletsedwa kuyambira mu 1994, koma magalimoto amenewo anapangidwa kuti aziyenda opanda chipangizochi, ndipo amawayendetsa ndi akatswiri. Magalimoto a mpikisano wa GT3 ali nayo ABS, yopangidwira bwalo, yokhala ndi kabatani kamene dalaivala amapotokola malinga ndi mmene phula lilili. Vuto la kasitomala wathu linali lakuti anatenga chipangizo chophunzitsidwira msewu wamba n'kuchipatsa matayala, mapadi ndi liwiro zimene sichinkazidziwa.

Nditabwerera kuno n'kutsegula galaja yanga ku Matawale, ndinkaganiza kuti nkhani zimenezi ndazisiya kutsidya kwa Limpopo, popeza ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi ma Sienta, ma Probox ndi maminibasi a pa msewu wa Blantyre. Koma tsiku lina kunabwera mnyamata wina, mwana wa mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ali ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri imene anaitanitsa ku Japan. Anaiika marimu aakulu ogula kwa munthu, ndipo pa dashibodi nyali ya ABS inkayaka n'kumazima. Anandiuza kuti potsika m'phiri, pa kona ina pamene mvula inakokololera timiyala pa phula, chopondera chinayamba kumukankha phazi n'kumalira ngati chikuthyoka, iye n'kuchisiya chifukwa cha mantha, mpaka anatsala pang'ono kugunda mayi wina wosenza nkhuni.

"Ankolo, ingochotsani fyuziyo," anatero. "Anzanga onse anachotsa, ndipo nyaliyo amangoimata tepi."

Ndinamuuza kuti akhale pa benchi, n'kumufunsa funso la amalume, amene pa nthawiyo anali atatisiya kale. Mmene anafotokozera, ndinadziwa kuti chimene chinamuopsacho chinali ABS ikugwira ntchito yake bwino, ndipo iye anaisiya pa nthawi imene inkamuthandiza. Nyali ija inali nkhani ina. Titavula tayala lakutsogolo kumanzere, ndinamuitana kuti aone yekha: kumutu kwa sensa kunali kutamatirira tizitsulo tosalala ngati ufa wakuda, chifukwa sensa ya mtundu umenewo ili ndi maginito, ndipo nditagwedeza habu ndi manja awiri inkasewera, kusonyeza kuti bering'i yatha ndipo mpata wa pakati pa sensa ndi mano unkasinthasintha pokhota. Matayala akumbuyo analinso a saizi ina yosiyana ndi imene inalembedwa pa chitseko. Ndinamufotokozera za galimoto ija ya ku Joni, za mamita 44 pa sekondi, ndi za nkhope ya mwini wake pamene ankalephera kumasula chipewa. Ndinamuuzanso mosapsatira kuti msewu wa ku Ku Chawe si bwalo la mpikisano, chifukwa kunja kwa makona ake kulibe miyala yoimitsira galimoto, kuli phompho, ana ogulitsa zipatso ndi anthu otsika ndi njinga zodzaza nkhuni.

Bering'i tinakaipeza ku Limbe patapita masiku atatu. Titamanga, titapukuta masensa onse anayi ndi kubwezeretsa matayala oyenera, ndinapita naye m'mawa kwambiri pa msewu wina wafumbi wowongoka cha ku Songani, kumene kunalibe munthu. Ndinamuuza kuti afike pa makilomita 40 pa ola n'kuponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Ulendo woyamba chopondera chitangoyamba kunjenjemera anachotsa phazi. Ulendo wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinaika dzanja langa pa bondo lake n'kulikanikiza, ndikumuuza kuti asasiye, ndipo galimoto inalira, inanjenjemera, n'kuima chowongoka, fumbi n'kutipitirira kutsogolo. Anakhala chete kanthawi atagwira chiwongolero, kenaka anati, "Ankolo, tibwerezenso, koma musandigwire."

Tinabwereza kasanu ndi kamodzi, mpaka ana a sukulu atayamba kutulukira mumsewu. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene ndinachokera pa galaja ya ku Johannesburg ija, ndi ulendo wa pa basi umene ndinabwera nawo ndi bokosi langa la zipangizo kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza.