Loweruka la wilo ndi mpando wozungulira

Kunacha ndi kamvula kowaza, kaja ka kuno ku Mzuzu kosadziwika poyambira ndi pothera. Ndinakankha njinga mpaka kwa madala ena okonza njinga ku Chibavi poti wilo lakutsogolo limayenda mokhotakhota. Anyamata a Sacramento, a njinga zonyamula anthu aja, anali atandanda kale, aliyense akuti ayambe yake.

Atamanga masipoko, madalawo analizunguza wilo mwamphamvu n'kundipatsa kuti ndigwire chitsulo chapakati. "Talipendeketsani, aphunzitsi." Ndinayesa. Linakana, n'kumapotokera kumbali kumene sindinalitume, ngati pali wina akulimbana nane. Litaima linapendekeka popanda vuto. Ndinabwereka wilo lina lakutha lomwe linali pamulu.

Masana kunabwera mwana wa achemwali, wa Folomu 4 uja. Tinatulutsa mpando wozungulira pakhonde, ndinamupatsa mabotolo awiri odzaza madzi, atambasule manja, ine n'kumuzunguza pang'ono. Nditamuuza kuti abweretse mabotolo pachifuwa, mpando unathamanga mpaka anakuwa. Atatambasulanso, unafatsa. Palibe anamukhudza.

Ichi ndi chimene a Physics amati angular momentum. Amatenga liwiro la kuzungulira n'kuchulukitsa ndi mmene kulemera kwa chinthu kwatalikirana ndi pakati pake. Ngati palibe chochipotoza kuchokera kunja, chiwerengerocho sichisintha, ndiye kulemera kukayandikira pakati, liwiro limakwera basi. Mtundawo umawerengedwa modzichulukitsa: botolo likafika theka la mtunda, gawo lake limatsika kanayi. Mpando sunafike pothamanga kanayi chifukwa thupi la mwanayo nalo likulemera, ndipo silinasunthe.

Funso lake ndi limene linandisangalatsa. "Amalume, nanga mphamvu yothamangitsayo yachokera kuti?" M'mikono mwake momwemo. Mabotolo amafuna kuthawira kunja, ndipo kuwakokera mkati ndi ntchito. Anavomera kuti anamvadi kulimba.

Kenako anakhala phee pampando, mapazi m'mwamba, atagwira wilo lozungulira chogona. Atalitembenuza chadodolido, mpando unayamba kuyenda wokha, kulowera komwe wilo limalowera poyamba. Kuzungulirako sikunasowe, kunangosamukira kwa iye. Ndege ya helikopita imakhala ndi kachipupa kena kumchira pa chifukwa chomwechi. Popanda iko, thupi la ndegeyo likanamazungulira motsutsana ndi zipupa zapamwamba.

Ine chimene chimandizunguza mutu n'chakuti dziko lapansi lathuli likuchita za mabotolo zomwezi pozungulira dzuwa. Kumayambiriro a Januwale timakhala makilomita pafupifupi 147 miliyoni kuchokera kudzuwa ndipo timathamanga makilomita 30.3 pa sekondi. Mu Julayi tili pa 152 miliyoni, liwiro n'kutsika kufika 29.3. Katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler analemba zakuti pulaneti, monga dziko lapansili, limafulumira likayandikira dzuwa mu 1609, chifukwa chake asanachidziwe. Koma wina asanamizire mtundawo kuti ndiwo umabweretsa chisanu cha Julayi kuno. Chimenecho n'chifukwa cha kupendekeka kwa dziko.

Madzulo alamu atabwera kudzatenga mwana, anamva nkhaniyi n'kugamula pomwepo: "Ndiye n'chifukwa chake njinga yoyenda siigwa." Ambiri amatero, ngakhale aphunzitsi anzanga ena. Zoona zilipo pang'ono chabe. Mu 1970 David Jones wa ku Britain anamangirira pa njinga wilo lina lozungulira chobwerera kuti lithetse mphamvu ya lakutsogolo, koma anaikwerabe osagwa. Wilo la njinga n'lopepuka kwambiri poyerekeza ndi munthu wamkulu, osanena thumba la makala pakaliyala. Chachikulu n'chakuti njinga ikayamba kugwera kumanzere, handulo imakhotera kumanzere komweko, mawilo n'kubwereranso pansi pa wokwera.

Alamu sanakhutire. Akuti Loweruka likudzali abwera ndi njinga yawo, tikaisiye iyende yokha pamtsetse wa kuseri kwa nyumba. Ndawauza kuti ikaphwanyika masipoko agula okha.