Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mmene Ndinayambira Kuphunzitsa Aphungu

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinasiyira uphunzitsi wa ku pulayimale n'kuyamba kuthandiza ana amasiye kudzera m'zojambula, m'zaka zimene Edzi inkatha makolo m'midzi mwathu. Tsopano ndifotokoza za ntchito yophunzitsa uphungu pa koleji, imene ndakhala ndikugwira mpaka lero, ndipo ndimaiona kuti ndi yovuta kuposa kukhala pamphasa ndi mwana mmodzi.

Ophunzira anga ambiri amabwera ali akuluakulu kale. Ena ndi anamwino, ena ndi aphunzitsi, ena amayang'anira za chisamaliro cha ana m'maboma, ndipo m'kalasi simulephera kukhala abusa kapena mayi wa Mvano. Onsewa amafika atazolowera kulangiza, pakuti kwathu kuno wamkulu akakhala pansi ndi wamng'ono, woyankhula ndi wamkuluyo, monga amachitira anankungwi ndi ankhoswe. Malangizo oterewa ali ndi malo ake ndipo sindiwanyoza, koma mwana amene waona zoopsa kawirikawiri sasowa womuuza chochita. Chimene amasowa ndi munthu woleza mtima amene angamupatse mpata wotulutsa zimene pakamwa pakukanika kunena.

N'chifukwa chake sabata yoyamba sindilemba chilichonse pabolodi. Ndimayala mapepala, makala, makrayoni ndi dongo lonyowa, n'kupempha aliyense kuti apange chimene chili mumtima mwake. Nthawi zonse wina amati, "Amayi, ine kujambula sinditha," koma abambo omwewo amene akana pensulo, akangokhudza dongo, zala zimakumbuka zokha ng'ombe zimene ankaumba kudambo podyetsa ziweto, ndipo posakhalitsa amayamba kusimba za ubwana wawo popanda wowafunsa. Akatero ndi pamene ndimawauza za Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain amene, akudwala chifuwa chachikulu m'chipatala, anaona kuti kujambula kukumupepuza mtima, n'kuyamba kulimbikitsa odwala anzake kuchita chimodzimodzi. Iye ndi amene anaipatsa ntchito yothandiza anthu kudzera m'zojambulayi dzina loti "art therapy" mu 1942, ndipo m'zipatala zimenezo palibe amene ankafunsidwa ngati ali ndi luso.

Njira imene ndimaikonda kwambiri inachokera kuno kum'mwera kwa Africa. Ndi ya Mtengo wa Moyo, imene katswiri wa za maganizo wa ku Zimbabwe, Ncazelo Ncube, anaikonza mothandizana ndi David Denborough wa ku Australia, poganizira ana amene anataya makolo. Mwana amajambula mtengo: pamizu amaikapo kumene anachokera, pathunthu zimene amatha kuchita, panthambi zimene akuyembekezera, pamasamba anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe, ndipo pazipatso mphatso zimene analandira kwa ena. Mitengo yonse ikamatidwa pakhoma n'kukhala nkhalango, m'pamene anawo amayamba kukamba za mphepo zamkuntho zimene zimagwera mitengo. Ubwino wake ndi woti mwana amayamba waima pa zimene ali nazo asanakhudze chilonda chake.

Chovuta kwambiri kuchotsa mwa wophunzira ndi chilakolako chomasulira chithunzi cha mwana ngati akumasulira maloto. Zimenezi ndinaziona bwino mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera anthu a ku Chilobwe, n'kuwononganso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasiya nyumba zawo. Ndinapita ndi ophunzira anga ku sukulu ina ya mu Blantyre imene inasanduka msasa, kumene tinkajambulitsa ana pa makatoni a katundu wachithandizo chifukwa mapepala anali atatha.

Mtsikana wina wamng'ono anajambula phiri ndi makala, pansi pake anthu atatu, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi mitambo, munthu mmodzi ali yekha. Wophunzira wanga anandinong'oneza kuti wapamwambayo ndi womwalira amene wapita kumwamba, ndipo anali atakonzeka kale kumupepesa mwanayo. Ndinamupempha kuti angofunsa funso limodzi lokha. Anagwada pambali pake nati, "Tandiuze za chithunzi chakochi, uyu ndi ndani?" Mwanayo anayankha kuti, "Amenewa ndi amalume, anakwera pamwala n'kutikoka ndi chitenje cha amayi." Amalumewo anali moyo, ndipo panthawiyo anali pamzere wolandira ufa panja pa kalasiyo. Mwanayo ankafuna kusimba za kupulumuka kwake, ndipo tikanathamangira kumupepesa tikanamulanda nkhani imene inkamulimbitsa mtima. Kuyambira pamenepo, chithunzi chilichonse chimene wophunzira wabweretsa kuti tiunikirane, ndimayamba ndamufunsa zimene mwini wake ananena, ndipo ngati sanafunse ndimamubweza.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinyengerera. Choyamba, chithunzi ndi cha mwana, ndipo sichiyenera kujambulidwa pafoni n'kuikidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp, ngakhale opereka thandizo atachifuna chotani kuti chikometse malipoti awo. Chachiwiri, mphungu ayenera kudziwa pamene mphamvu zake zathera. Munthu amene akunena zodzipha, amene akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena amene wasiyiratu kudya ndi kugona, makrayoni okha sangamuthandize, ndipo ayenera kutumizidwa ku chipatala cha boma, kumene angamupititse ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Mwana akaulula kuti akuchitidwa nkhanza, nkhaniyo siyenera kuthera m'chipinda cha uphungu; pali a chisamaliro cha ana, apolisi ndi nambala yaulere ya 116.

Titabwerera ku koleji, ena mwa ophunzira amene anapita nane kumsasa ankalephera kugona mvula ikamagwa usiku. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene tinayambira kukumana Lachisanu lililonse kuti aphungu eni ake nawonso azijambula ndi kumvedwa.