Residual stress imasuntha R, ΔK imakhala pomwepo

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano. Chomwe chinkandizunguza mutu n'chakuti ukaika residual stress (mphamvu yokoka kapena yopanikiza yomwe imatsalira m'chitsulo ngakhale chisanasenze katundu) mu modelo ya mng'alu womwe uli pafupi ndi powotcherera, liwiro la kakulidwe kake, katundu akamakwera n'kutsika mobwerezabwereza, silisintha ngati ukuliwerengera ndi lamulo la Paris ndi Erdogan la 1963 lokha. Chonsecho tonse tikudziwa kuti chitsulo chowotcherera chimang'aluka msanga pamenepo.

Nkhani yagona apa: K (muyeso wa stress, kapena kuti mphamvu ya m'chitsulo, kunsonga ya mng'alu) yochokera ku residual stress imawonjezeka mofanana pa Kmax (K ya pomwe katundu wakwera) komanso pa Kmin (K ya pomwe watsika). Ukachotsera Kmin pa Kmax kuti upeze ΔK, yowonjezekayo imafafanizika, ndipo ΔK imatsala monga inalili. Chomwe chasuntha ndi R, yomwe umaipeza ukagawa Kmin ndi Kmax. Lamulo la Paris limangoyang'ana ΔK, n'chifukwa chake siliona kanthu, mpaka utatenga la Walker kapena la NASGRO lomwe limawerengera R. Nditangogwira zimenezi, zimene katswiri wina, Elber, anapeza cha m'ma 1970 za kutsekeka kwa mng'alu zinamveka zokha. Pafupi ndi powotcherera chitsulo chimakhala chokokeka kale, ndiye kamwa la mng'alu limakhala yasa katundu akamakwera ngakhale akamatsika. Pomwe apanga shot peening (kuwomba timipira ting'onoting'ono pamwamba pa chitsulo), kapena akuza bowo la rivet mokakamiza monga amachitira pa ndege, chitsulo chimakhala chopanikizika, kamwalo limatsekeka kwa kanthawi, ndipo mbali ina ya ΔK imangopita pachabe.

Ineyo njira yopezera K yotchedwa weight function ya Bueckner ndi Rice yandigwira mtima kwambiri. Umatenga stress ya m'chitsulo chisanang'aluke, motsatira mzere womwe mng'alu udzadutse, n'kupeza K pa utali uliwonse osakonzanso mesh (timagawo ting'onoting'ono ta modelo ya pa kompyuta). Njira ina yotchedwa XFEM ya mu pulogalamu ya Abaqus imachezera usiku wonse kufunafuna zomwe njira iyi imakupatsa m'kanthawi kochepa. Kunena zoona, sindikuona chifukwa choyambira kwina.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera pafupifupi teremu yonse pa kachepetsedwe ka mesh kunsonga ya mng'alu, koma za R anangozitchula modutsa akufufuta bolodi. Pano tsiku lopereka ntchito layandikira, nthawi yobwerezanso zonse palibe.

Pomwe ndikadakayika ndi apa. Kuphatikiza ma K kotereku kumadalira kuti chitsulo chibwerere m'malo katundu akachoka. Nanga katundu wolemera akafika, chitsulo n'kupindikiratu kunsonga, residual stress n'kuyamba kuphwa? Komanso Kmin ikatsika kupitirira ziro, ena amaidula pa ziro pomwepo, ena amaisiya, ndipo sindinasankhebe mbali yoti nditsate.