Mmene tinayambitsira gulu la ofuna ntchito pa boma la Mangochi

Ofuna ntchito pa boma pano timadziwana nkhope. Timakumana pa bolodi la zidziwitso ku khonsolo, kwa ojambula fotokope, ngakhale pa mlatho wa Bakili Muluzi, aliyense envulopu ya khaki ili m'khwapa. Koma kale sitinkalankhulana, poti aliyense ankaona mnzake ngati womulanda malo. Ine ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya zolandira alendo, ndipo nditakhalitsa pakhomo ndinaona kuti chimene chikutipweteka kwambiri ndi kusaka aliyense payekhapayekha. Wina akumva za mwayi wa ntchito tsiku lotsekera litadutsa, wina akuberedwa ndalama ndi munthu yemweyo amene anabera mnzake mwezi wapitawo.

Ndinayamba ndi anthu ochepa amene ndinkawadziwa khalidwe lawo, anyamata ndi atsikana omwe. Sindinalengeze kwa aliyense. Mukangolengeza kuti kwabwera gulu la za ntchito, anthu amaganiza kuti kwafika bungwe lolemba mayina, amadzaza bwalo, ndipo akamva kuti palibe alawansi amachoka akunyoza. N'chifukwa chake mawu oyamba amene timauza aliyense wofuna kulowa ndi akuti gululi silipereka ntchito ndipo silipereka ndalama. Amene watsala atamva zimenezo ndiye wathu.

Tisanakumane koyamba tinapita kwa amfumu kukawadziwitsa. Kuno simungasonkhanitse achinyamata sabata ndi sabata eni mudzi osadziwa, mawa adzati mwayambitsa zandale. Amfumu anatifunsa funso limodzi: "Ana anga, mudzasonkhetsa ndalama?" Tinayankha kuti pang'ono, ndipo kope lidzakhala poyera. Kuchoka apo tinakadzionetsa ku ofesi ya achinyamata pa boma ndi ku ofesi ya zantchito. Anatilangiza kulemba malamulo a gulu ndi mayina a komiti. Tinalemba tsamba limodzi lokha, wapampando, mlembi ndi msungichuma, basi.

Tsiku lokumana linatitengera kukambirana kwakutali. Lachisanu ambiri a ife amapita ku Juma, Loweruka kuli a Seventh Day, Lamulungu ena ali ku tchalitchi. Tinagwirizana Lachiwiri madzulo dzuwa litapepa, poti aliyense akudziwa mmene Mangochi amatenthera mu Okutobala. Malo tinapempha kalasi pa sukulu ina ya pulayimale ana akaweruka. Tinakana dala kukumana mu mzikiti kapena m'tchalitchi ngakhale onse anatipatsa malo, kuti wina asadzimve mlendo. Pamsonkhano munthu amalankhula Chichewa kapena Chiyao, chimene chamufikira pakamwa.

Msonkhano woyamba sitinakambe za maloto a munthu. Tinati aliyense abweretse mapepala ake onse tiwaone pamodzi. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ambiri amagwa asanafike n'komwe pa intavyu. Wina dzina la pa chiphaso cha unzika ndi lina, la pa satifiketi ya MANEB ndi lina, chifukwa ku sukulu analembetsa dzina la ambuye ake pomwe kwa a NRB mu 2017 anatchula la bambo ake. Wina satifiketi inanyowa ndi madzi osefukira. Wina pa CV analemba nambala ya foni imene anataya kalekale. Aliyense tinamulembera chosowa chake: uyu akalumbire kwa majisitireti kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, uyu alondole za satifiketi ku MANEB ku Zomba, uyu akadinditse mafotokope ake. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda chokoma, koma mwezi woyamba wonse unathera pamenepa ndipo sindidandaula.

Lamulo limene linavuta kwambiri ndi ili: mwayi wa ntchito uliwonse umene wamva, uubweretse ku gulu tsiku lomwelo, ngakhale iwe mwini ukuufuna. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti, "Achimwene, ndiye kuti ndidziitanire ndekha opikisana nawo?" Funso lake linali loona, ndipo sindinafune kulizemba. Ndinamuyankha kuti malo amodzi a ukalaliki akalengezedwa mu Nation kapena Daily Times, makalata amachokera dziko lonse, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Mnzako mmodzi wa pa Mpondasi sakuchepetsera mwayi. Koma ukabisa lero, nayenso adzabisa mawa ntchito imene ikanakuyenera iwe. Si onse anakhutira, ndipo ena anachoka. Otsalawo tinagawana madera. Amene ali ndi abale ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear amatchera khutu ku malo ogona alendo, poti kumeneko amafuna aganyu nyengo ya tchuthi cha Disembala ndiponso kukakhala misonkhano. Wa ku Namwera amamva za m'maesiteti ndi za ku Chiponde. Wina ntchito yake ndi kudutsa pa mabolodi a ku khonsolo, ku chipatala ndi ku maofesi a mabungwe n'kujambula chilichonse chatsopano. Zonse zimagwera pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo aliyense wa foni ya intaneti ali ndi mnzake wa foni ya mabatani amene ayenera kumuuza.

Pa WhatsApp pomwepo tinaletsa maunyolo a mapemphero, zandale ndi za mpira. Bandulo ndi yodula, ndipo uthenga wa ntchito usamakwiririke.

Za ndalama tinasamala kwambiri. Timasonkha kangachepe pamsonkhano uliwonse, ndipo ndalamayo ili ndi ntchito zitatu zokha: nyuzipepala, kusindikiza makalata, ndi thiransipoti ya munthu amene waitanidwa ku intavyu kutali. Ya thiransipotiyo ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, munthu amabweza akalandira malipiro oyamba kapena akapeza ganyu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi yopita ku Liwonde, Zomba ndi Blantyre unakwera moti munthu ankatha kuitanidwa n'kulephera kupita. Ena ankafuna kuti tisandutse thumbali banki m'khonde. Ndinakana ndipo mpaka pano ndimakana, chifukwa gulu likayamba kukongozana kuti lipindule, misonkhano imasanduka yolondolana ngongole ndipo wolephera kubweza amasiya kubwera, pomwe iyeyo ndiye wofunika gulu koposa. Msungichuma amawerenga kope mokweza pamaso pa onse.

Akuba ndiwo anatipatsa ntchito yaikulu. Uthenga umabwera pafoni woti mwasankhidwa, tumizani ndalama ya yunifomu kapena ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Tinagwirizana kuti palibe wotumiza ngakhale tambala asanabweretse nkhaniyo ku gulu, ndipo mmodzi wa ife amapita yekha ku ofesi yotchulidwayo kukafunsa ngati akulembadi anthu. Za kunja ndiye zovuta kuposa. Kuno pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku Joni, ndipo nyumba zamalata zimene amanga zimaoneka, kotero kuuza mnyamata kuti asapite n'kutaya nthawi. Chimene timachita ndi kuitana amene anabwerako kuti afotokoze zonse, za ulendo wopanda mapepala, za kubisala, za kugwidwa n'kubwezedwa chimanjamanja. Atsikana timawakumbutsa za amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka akuzunzika m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Wobwera ndi lonjezo la ntchito ya kunja timamufunsa ngati a ofesi ya zantchito akumudziwa. Akayamba kuzungulira, nkhani yatha.

Theka la msonkhano uliwonse ndi kuyeserera intavyu. Atatu amakhala kutsogolo ngati mabwana, mmodzi amagogoda n'kulowa. Tinapempha mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti azitithandiza, ndipo ankolowo sanyengerera. Ambiri Chingerezi cholemba amachidziwa, koma akafunsidwa kuti afotokoze za iwo eni, lilime limauma. Atsikana ena anakulira m'mwambo woti wamkulu sumuyang'ana m'maso, ndipo amayankha akuyang'ana pansi mawu osamveka. Sitiwauza kuti mwambowo ndi woipa, timangoyeserera mpaka azolowere kuti m'chipinda cha intavyu akhoza kudzutsa mutu ulemu uli pomwepo.

Tili ndi anzathu amene sanafike Fomu 4 koma amadziwa kuwotcherera, kukonza injini za maboti, kumanga kapena kusoka. Iwowa vuto lawo ndi pepala losonyeza luso. Timawalozera ku ofesi ya zantchito kukafunsa za mayeso a luso otchedwa trade test, ndiponso timatchera khutu TEVETA ikalengeza malo m'makoleji a ntchito zamanja.

Wina akapeza ntchito timasangalala, koma tisanamutsanzike timakhala naye pansi. Timamuuza kuti apemphe kalata yofotokoza malipiro ndi maola ake, kuti lamulo la zantchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata ndipo opitirira apo ndi ovataimu, komanso kuti akadzachoka adzapemphe kalata yosonyeza kuti anagwirapo ntchito pamalopo. Timamupemphanso asatuluke pa WhatsApp, chifukwa amene ali mkati ndiye amayamba kumva kuti mnzake wasiya ntchito, malo asanalengezedwe.

Chimene sindinachiyembekezere ndi kulemera kwa mitima. Munthu akakanidwa kangapo amayamba kujomba, kenaka foni sayankha. Kunyumba akumutcha lova, anzake amene anapita ku Joni akutumiza ndalama, iye akupemphabe ya sopo kwa mayi ake. Tinaika lamulo loti wojomba kawiri motsatizana, awiri a ife apite kwawo. Sitipita ndi mafunso. Timangofika, kupereka moni kwa makolo, n'kukhala naye pakhonde. Nthawi zina mayi ake ndi amene amayamba kulankhula, kutiuza kuti mwanayu masiku ano sakudya, sakutuluka m'nyumba. Zikafika poti munthu akulankhula zofuna kudzipweteka, sitisunga chinsinsi: timauza wachibale wamkulu ndipo timamuperekeza kuchipatala tsiku lomwelo.

Pano gulu lakula moti kalasi ija yayamba kuchepa, ndipo a ku Makawa akudandaula ndi ndalama ya kabaza. Tagwirizana kuti iwo ayambe kukumana kwawo, asankhe msungichuma wawo ndi kope lawo, koma mauthenga a ntchito tizigawanabe pamodzi. Lachiwiri likubwerali ndikupita nawo kwa amfumu a kumeneko.