Ulendo wathu wokaona zinkhwe za ku Currumbin

Loweruka lapitali, ife Amalawi ena okhala ku Brisbane, ku Australia, tinanyamuka mbandakucha pa galimoto zitatu kupita kumalo osungira nyama a Currumbin Wildlife Sanctuary, ku Gold Coast. Tinkathamangira 8 koloko, nthawi imene amadyetsa zinkhwe zotchedwa rainbow lorikeet. Amazidyetsanso 4 koloko madzulo.

Titangofika anatipatsa mbale zokhala ndi timadzi totsekemera. Posakhalitsa phokoso linayamba m'mitengo, kenako zinatera mbwee! Ina pamkono, ina pamutu, ina pamphepete pa mbale. Mwana wa achemwali ena analira kaye chifukwa cha zikhadabo, koma pomaliza ndi iyeyo amene anakana kubweza mbale. Mbalamezi sizili m'khola ayi, ndi zam'tchire, zimangobwera zokha. Malowa anayamba mu 1947, pamene Alex Griffiths, mlimi wa njuchi ndi maluwa, anayamba kuzipatsa chakudya kuti zisiye kumuwonongera maluwa ake.

Ndinaiyang'anitsitsa imene inatera padzanja langa. Mutu wabuluu, mlomo wofiirira, chifuwa ngati lalanje lakupsa, mimba yabuluunso, mapiko ndi mchira zobiriwira. Kutalika kwake ndi masentimita 25 mpaka 30, kuphatikizapo mchira. Yaimuna ndi yaikazi simungazisiyanitse ndi maso. Koma chimene chinandigwira mtima ndi lilime. Kunsonga kwake kuli timinofu tangati tiubweya ta burashi, ndipo likalowa m'madzi timatambasuka n'kukolola. Ndi lilime lomwelo imapezera timadzi ndi mungu m'maluwa a banksia, grevillea ndi bulugamu. Inde, bulugamu yemwe uja timadula mapolo kumudzi, kwawo ndi kuno ku Australia. Zisa za mbalameyi zimakhala m'mphako za mitengo yakale, ndipo yaikazi imafungatira mazira, nthawi zambiri awiri, kwa masiku pafupifupi 25.

Bambo ena a m'gulu lathu, amene amaweta nkhunda kwawo ku Zomba, anali ndi chidwi chofuna kuweta zinkhwezi. Apa m'pamene tinakhalitsa, chifukwa wogwira ntchito wina anatifotokozera mosabisa. Chinkhwe ichi si nkhunda. Nthutumba yake ndi yofewa, yosazolowera kupera njere zolimba, choncho chimanga, mapira kapena mpendadzuwa si chakudya chake. Chimafuna ufa wapadera wosungunula m'madzi, zipatso monga maapozi, ndi nthambi za maluwa. Buledi woviika m'madzi a shuga amachidwalitsa pang'onopang'ono. Kukatentha, timadzi tija timasasa msanga, ndiye mbale zimafunika kutsuka ndi kusintha tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Zitosi zake ndi zamadzimadzi ndipo zimathovokera kutali, motero khola liyenera kukhala lotakata, la pansi posavuta kutsuka ndi payipi, komanso lokhala ndi madzi osamba. Ndipo mbalame yotha kukhala zaka 20 si yoti munthu aigule chifukwa cha kukongola kokha.

Bambo aja anangoti duu, n'kugwedeza mutu. Ine ndinagwirizana nawo mumtima, chifukwa nditaziona zikuulukira limodzi kubwerera m'mitengo, za khola zinandichoka.

Tinadyera nkhomaliro yathu pagombe la Currumbin, mpunga ndi nkhuku zimene amayi anakonza. Ana apempha kale kuti ulendo wina tidzapite madzulo.