Regina Pats ikufunabe chikho cha Memorial Cup kuyambira 1974

Ndimaikonda timu ya Regina Pats ya ku Saskatchewan m'dziko la Canada, yomwe inakhazikitsidwa mu 1917 ndipo ndi imodzi mwa matimu akale kwambiri a achinyamata pa masewera a hoki ya pa ayezi. Chikho cha Memorial Cup, chomwe ndi chikho chachikulu cha matimu a achinyamata a hoki ku Canada, inachitenga komaliza mu 1974, ndipo mu 2018, mpikisanowu ukuchitikira pakwawo ku Regina, inagonja 3-0 kwa Acadie-Bathurst Titan pa masewera omaliza.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Connor Bedard, yemwe ankasewera mu timuyi, anamwetsa zigoli 71 mu sizoni ya 2022-23, koma timuyi inatulutsidwa ndi Saskatoon Blades m'ndime yoyamba yachipulula. Mnyamatayu atapita ku timu ya akuluakulu ya Chicago Blackhawks, Regina Pats inalephera kufika m'ndime yachipulula zaka ziwiri zotsatizana.