Nyutulo inandinamiza pa msewu wa ku Kokomo

Ukakhalitsa kuno ku South Bend, Indiana, umayamba kusirira motorhome, chigalimoto chija chokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati mwake. Amazipangira pafupi pomwepa ku Elkhart, ndiye zimangokudutsa tsiku ndi tsiku mpaka mtima kugonja. Ine ndi alamu anga tinasonkherana n'kugula yakale ndithu, cholinga tikaothere dzuwa ku Florida. Yoyendera tikafika kumeneko inali pikapu yanga, Ford Ranger ya otomatiki, yomwe mphamvu ya injini imapita kumatayala akumbuyo okha.

Chokokera chinali dolly, kangolo ka matayala awiri. Matayala akutsogolo a galimoto amakwera pakangoloko n'kumangidwa ndi malamba, akumbuyo amatsala pansi akugudubuzika. Ndinamanga malamba, ndinakoloweka matcheni, ndinalumikiza nthambo za magetsi, ndinatsitsa handibuleki, giya n'kuika pa nyutulo.

"Kodi alamu, chitsulo chachitali chapansichi sitichotsa?" anafunsa alamu anga atagwada.

"Dzukani alamu, mudetsa thalauza. Ine ndinakokapo galimoto ndi chingwe kuchoka pa Zalewa mpaka mu Blantyre. Nyutulo ndi nyutulo."

Ya pa Zalewa ija inali ya giya yapamanja, koma zimenezo sindinatchule.

Chitsulo ankanenacho ndi propshafti, chimene chimalumikiza giyabokosi ndi difu, kabokosi ka magiya kokhala pakati pa matayala akumbuyo. Matayala akumbuyo akamazungulira amazunguza difu, difu imazunguza propshafti, propshafti n'kumazunguza zitsulo za m'giyabokosi. Nyutulo siiletsa zimenezi. Tsono pampu yomwe imapopa oyilo m'giyabokosi ya otomatiki imayendetsedwa ndi injini. Injini ikazima pampu imagona, zitsulo n'kumapekesana zouma ngati munthu akupeka moto. N'chifukwa chake dolly imayenerana ndi galimoto yomwe mphamvu ya injini imapita kumatayala akutsogolo, poti matayala ogwira ntchitowo amakhala ali phee pamwamba. Buku la galimoto yanga limalola kukoka chonchi pangozi pokha, osapitirira mamailosi 35 pa ola komanso mtunda wa mamailosi 50. Bukulo linali m'pikapu momwemo, nalonso likukokedwa.

Tinatsika ndi msewu wa US 31 pa liwiro la 55, nyimbo zili m'kamwa. Titaima ku Kokomo kuti tithire mafuta, titayenda mamailosi pafupifupi 90, kunamveka fungo la chinthu chopserera. Ndinatembenukira mayi a kunyumba n'kuwafunsa ngati anasiya poto pamoto. Anatsegula uvuni, anatsegula filiji, ananunkhiza mpaka ndiwo za m'kontena. Alamu anangotuluka mwakachetechete, n'kundikodola ndi chala. Kumchira kwa giyabokosi kunkadontha oyilo, ndipo oyilo amene amayenera kukhala wofiira anali bii ngati khofi. Ndinalavulirapo malovu, anangoti tsaa. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinalidya wofunsa ali pambali panga.

Pofuna kuchoka pa pampu ndinaponya rivesi, n'kuphunziranso china. Dolly sabwerera nayo m'mbuyo. Imapindika malo awiri, pachokolowekera ndi pambale yomwe pamakhala matayala, ndiye pikapu inakhota ngati mbuzi yokana chingwe mpaka kangoloko kanatsala pang'ono kuboola chitseko.

Makaniko wa m'tauniyo atatsitsa beseni la pansi pa giyabokosi, munali tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kunyanja. Sanakalipe. Anangondipatsa choko, tepi ndi sipanala ya 12 ya makona khumi ndi awiri, n'kundionetsa ntchito ya mphindi makumi awiri yomwe ikanapulumutsa ndalama zathu zonse za ku Florida. Umayamba wakweza galimoto pa dolly n'kuimanga. Kenako umalemba mzere wa choko podutsa pamene propshafti yakumana ndi difu, kuti pobwezera ikhale momwe inalili, apo ayi galimoto izidzanjenjemera. Umamasula mabawuti anayi akumbuyoko, n'kukweza shaftiyo ndi kuimangirira zolimba ku chasisi ndi lamba, kutali ndi difu ndi paipi ya utsi. Kutsogolo osaisolola, chifukwa imatuluka m'giyabokosi ngati chivindikiro cha botolo ndipo oyilo amatayika. Pa magalimoto ena, pomwe ukamasula timakapu ta joini timatsala poyera, umatikulunga ndi tepi, chifukwa kamodzi kakagwa tisingano ta m'kati timamwazika mumchenga.

Ndinamufunsa za nzeru yomwe inandibwerera usiku, yokweza pikapu chammbuyo kuti matayala akumbuyo ndiwo akhale pamwamba. Anapukusa mutu. Kulemera kwa injini kumatsalira kumapeto, matayala owongolera amakhala akuyenda chobwerera, ndipo chiwongolero chikangosuntha pang'ono ngolo yonse imayamba kuvina pamsewu.

Patatha milungu itatu, giyabokosi ina ili m'malo, tinafika ku Florida bwinobwino, propshafti itamangidwa ngati nkhuni. Pamalo ogona ndinatsika monyada, ndinaika giya pa P, n'kuyamba kumasula malamba.

"Alamu, shafti ija simunabwezeretu."

"Ili pa P, alamu. P ndi P."

P ndi kachitsulo komwe kamakola m'kati mwa giyabokosi, ndipo kamagwira matayala kudzera mu propshafti yomwe ndinali nditaimasula ndi manja angawa. Handibuleki inali pansi chichokere ku Indiana. Lamba wachiwiri atangomasuka, pikapu inatsika yokha pa dolly mwaulemu ngati mkwatibwi, inadutsa pa kapinga chammbuyo, n'kukaima pa tebulo la azungu ena okalamba omwe ankawotcha soseji. Alamu anandipatsira sipanala ya 12 osayang'ana kumbali kwanga, n'kupita kukapepesa.